Mpanda wa ku Chilobwe: Sewero la Pawailesi

WOFOTOKOZA: Umbanda umayezedwa m'njira ziwiri, ndipo kawirikawiri njirazi sizigwirizana. Yoyamba ndi kuwerenga: nyumba zingati zathyoledwa chaka chino, anthu angati aphedwa, ziweto zingati zabedwa, komanso ngati ziwerengerozo zakwera kapena zatsika poyerekeza ndi chaka chatha. Yachiwiri ndi kufunsa anthu mmene iwowo akuonera. M'mayiko amene zonse ziwirizi zachitika kwa zaka zambiri motsatizana, anthu ochuluka amayankha kuti umbanda ukukwera, ngakhale m'zaka zimene ziwerengero zikutsika. Mantha ali ndi magwero akeake, ndipo amadya ndalama. Ku Chilobwe, mumzinda wa Blantyre, adya kale mulu wa njerwa ndi matumba a simenti amene atsitsidwa pamalire a nyumba ziwiri. Ina ndi ya a Gama, mphunzitsi wa masamu amene anapuma pantchito. Inayo ndi ya Anambewe, ogulitsa kaunjika mumsika wa Limbe.

(Botolo likuphwanyika. Nkhuku zikubalalika. Botolo lina likuphwanyika.)

A GAMA: Odi kuseriko! Anambewe! Kwagwa ndewu m'mawa uno?

ANAMBEWE: Kulibe ndewu, aphunzitsi. Ndikuswa mabotolo.

A GAMA: Alakwanji?

ANAMBEWE: Ndi oika pamwamba pa mpanda. Mmisiri ayamba Lolemba. Mwachitanso bwino kubwera nokha. Kapepala aka ndi kanu. Theka la simenti, theka la mchenga, theka la mmisiri.

A GAMA: Theka la mmisiri? Lakumtunda kapena lakumunsi?

ANAMBEWE: Musayambe. Malire ndi a tonse awiri, mpandanso ndi wa tonse awiri.

A GAMA: Mpanda wa udzu uwu watisunga zaka zonsezi, palibe anadandaulapo. Wanjerwa wanuwo udzatchinga dzuwa pa mpiru wanga.

ANAMBEWE: Mbava za masiku ano udzu zimangoupatsa moni n'kudutsa. Dziko laipa, aneba. Inu simukudziwa chifukwa simuli pagulu la WhatsApp la m'dera lino.

A GAMA: Munandichotsapo ndinu.

ANAMBEWE: Munkakonza anthu kalembedwe ngakhale pa uthenga wa maliro. Tamvani za sabata ino yokha. Lolemba, mayi wina amulanda chikwama mu minibasi. Lachiwiri, wakabaza amukhapa n'kumulanda njinga yamoto. Lachitatu, taonani kanema uyu, zigawenga zikutchingira galimoto masanasana dzuwa likuswa mtengo. Alemba kuti ndi pa Zingwangwa pomwepa.

A GAMA: Bweretsani kuno foniyo. Dikirani ndivale magalasi. Eya. Anambewe, kwathu kuno galimoto zimayenda mbali iti ya msewu?

ANAMBEWE: Kumanzere.

A GAMA: Izi zikuyenda kumanja. Chikwangwani cha sitolo iyo chalembedwa m'chinenero chimene ngakhale ine sindingachitchule. Kanema yemweyu anabwera chaka chatha atalemba kuti ndi ku Mzuzu.

ANAMBEWE: Ndiye kuti zigawengazo zimayendayenda.

A GAMA: Zitanyamula msewu womwe?

ANAMBEWE: Sekani. Koma nthawi ya Ngwazi zoterezi kunalibe. Amayi anga ankagona chitseko chosakhoma, njinga ili panja, m'mawa n'kuipeza pomwepo.

A GAMA: Mawu amenewo kayankhulireni kwina, osati mutaponda dothi la Chilobwe.

WOFOTOKOZA: Pakati pa 1968 ndi 1970, anthu osachepera 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo m'madera ozungulira Blantyre, ndipo dzina la Chilobwe ndi limene linamatirira ku nkhaniyo. Apolisi anakhala miyezi yambiri osapeza wopha anthuwo. Mphekesera zinafala zoti boma ndilo likupha anthu kuti ligulitse magazi awo ku South Africa pobweza ngongole. Mu 1970 anagwidwa Walla Laini Kawisa, ndipo khoti linamugamula kuti aphedwe, ngakhale kuti ambiri sanakhulupirire kuti ntchito yonseyo anaigwira yekha. Izi zinachitika patangotha zaka zinayi dziko litalandira ufulu, m'nthawi yomweyo imene lero imakumbukiridwa kuti inali ya bata.

A GAMA: Ine ndinali kamnyamata. Abambo ankagona ndi nkhwangwa kumutu. Chikangogunda pakhomo, mudzi wonse n'kudzuka, kuyamba kumenya zitini. Chitseko chosakhomacho chinali cha kwa yani?

ANAMBEWE: Amayi anga ankakhala ku Ntcheu.

A GAMA: Mukadayamba ndi zimenezo.

ANAMBEWE: Komabe sitinkamva za umbava tsiku ndi tsiku ngati lero.

A GAMA: Mukanamva kuchokera kuti? Wailesi inali imodzi, MBC. Nyuzipepala zinali Daily Times ndi Malawi News, ndipo mwini wake mukumudziwa. Kanema wa dziko lino anadzayamba mu 1999. Mtolankhani wolemba kuti dziko la Ngwazi ladzaza mbava akanakadya nyemba za ku Mikuyu.

WOFOTOKOZA: Mfundo ya a Gama ndi yoona, koma siitseka nkhani. Anambewe nawo sakulakwitsa zonse. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, mfuti zambiri zinatsala m'manja mwa anthu wamba, ndipo malire a mayiko awiriwa ndi aatali, osavuta kudutsa. Mu Disembala 1993 asilikali analanda zida gulu la Malawi Young Pioneers, limene anthu ankaliopa kuposa apolisi. M'zaka zotsatira madandaulo a umbava wa mfuti anamveka kwambiri. Zinthu ziwiri zinasintha pa nthawi imodzi: umbandawo, ndi ufulu woukamba. Munthu wongodalira makutu sangathe kulekanitsa kuti phokoso limene akumva lachokera ku chiti.

ANAMBEWE: Mwamva? Ngakhale pawailesi akuti sindikulakwitsa.

A GAMA: Akuti simukulakwitsa zonse. M'kalasi mwanga zimenezo zinali 3 pa 10. Tsono tiyeni tiwerengere. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'dziko muno. Wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni. Anthu achuluka kupitirira kanayi. Ngati mwa anthu chikwi chilichonse mmodzi ali wa dzanja lalitali, kale ndi lero chimodzimodzi, mbava zachuluka kangati?

ANAMBEWE: Kanayi. Ndi zimene ndikunenazo! Zachuluka!

A GAMA: Oberedwanso achuluka kanayi. Mwayi woti mbava isankhe khomo lanu sunasinthe. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi sawerenga milandu yokha. Amawerenga milandu ingati pa anthu 100,000 alionse.

ANAMBEWE: Ndiye akadzandibera belo la zovala, ndidzadzitonthoze kuti andibera pa anthu 100,000 alionse?

A GAMA: Mudzalire ndithu. Koma musadzanene kuti dziko lonse laberedwa.

ANAMBEWE: Kabuku mwatulutsako ndi kachiyani?

A GAMA: Ndimalembamo zimene ndimawerenga ku laibulale. Khalani pa njerwa zanuzo, zigwireko ntchito.

WOFOTOKOZA: Dziko limene kusiyana kwa ziwerengero ndi maganizo a anthu kwayezedwa nthawi yaitali ndi United States. Malinga ndi ziwerengero za FBI, milandu ya chiwawa inatsika ndi maperesenti 49 pakati pa 1993 ndi 2022, ndipo milandu yokhudza katundu inatsika ndi maperesenti 59. Mumzinda wa New York anthu 2,245 anaphedwa mu 1990, koma mu 2017 chiwerengerocho sichinafike 300. M'zaka zomwezo bungwe la Gallup linkafunsa anthu ngati umbanda m'dzikomo wakwera poyerekeza ndi chaka chathacho. Pa maulendo 27 amene funsoli linafunsidwa kuyambira 1993 kufika 2023, pa maulendo 23 anthu osachepera 60 pa 100 alionse anayankha kuti wakwera.

ANAMBEWE: Za ku America zikundikhudza chiyani ine? Mbava ya ku New York ingabwere kudzaba beseni ku Chilobwe?

A GAMA: Mbava singabwere, koma mutu wa munthu ndi umodzimodzi. Pali china chimene anapeza. Anthu omwewo ukawafunsa za dera limene amakhala, oyankha kuti umbanda wakwera amachepa. Kutali kwaipa, kwathu kuno kuli bwinoko. Aliyense akutero, ndiye kutaliko ndi kuti?

ANAMBEWE: Ine sindingayankhe choncho.

A GAMA: Tiyese. Pamzere wathu uno pali nyumba zingati?

ANAMBEWE: Khumi ndi ziwiri.

A GAMA: Chaka chino zathyoledwa zingati?

ANAMBEWE: Kwa amake Tadala anaba chitenje pachingwe.

A GAMA: Chinapezeka m'kamwa mwa mbuzi ya abusa.

ANAMBEWE: Theka lake.

A GAMA: Kwina?

ANAMBEWE: Kwa anyamata alendi aja kunasowa sabufa.

A GAMA: Analanda ndi mwini nyumba, anali ndi ngongole ya miyezi itatu. Munathandiza kunyamula ndinu.

ANAMBEWE: Ndinangogwirira chingwe chake. Chabwino, mzere wathu uli bwino. Koma Ndirande! Bangwe! Mbayani!

A GAMA: Munapitako liti ku Mbayani?

ANAMBEWE: Ndipiteko ndife?

A GAMA: Ndipo panopa ku Mbayani kuli mayi wina akuswa mabotolo, akuuza aneba ake kuti ku Chilobwe sangapondeko.

WOFOTOKOZA: Za pakhomo pake munthu amaziona ndi maso. Za kutali amazimva, ndipo zimene zimayenda mtunda wautali ndi zoopsa zokhazokha. Usiku umene nyumba zonse zagona bwino sulembedwa m'nyuzipepala, ndipo palibe amawononga bandulo yake kutumiza uthenga woti lero sanaberedwe. M'zaka za m'ma 1970, George Gerbner wa pa University of Pennsylvania anapeza kuti anthu oonera kwambiri kanema amaganiza kuti dziko ndi loopsa kuposa mmene liliri, ndipo amakuza mwayi woti iwowo achitidwe chipongwe. Mu 1973 Amos Tversky ndi Daniel Kahneman anasonyeza kuti munthu akafunsidwa ngati chinthu chimachitika kawirikawiri, sawerenga. Amangoona ngati chitsanzo chake chikubwera msanga m'mutu. Nkhani ya chikwanje imabwera msanga, ndipo imakhalitsa. Gerbner ankanena za bokosi limodzi la pabalaza loonera madzulo. Foni imagona pansi pa pilo, ndipo mlandu umodzi umatha kufika kwa munthu kasanu kudzera m'magulu asanu, n'kuwerengedwa ngati milandu isanu.

ANAMBEWE: Aphunzitsi, mwayankhula mokwanira. Tsopano ndifunseko ine. Njinga yanu yakapalasa ija ili kuti?

A GAMA: (akutsokomola) Ili kokonzetsa.

ANAMBEWE: Chaka chachiwiri chino? Akuikonza kapena akuilera?

A GAMA: Zipangizo zake zikusowa.

ANAMBEWE: Inabedwa. Dera lonse likudziwa. Munakanena kupolisi?

A GAMA: Tsitsani mawu, amayi a kunyumba ali pakhonde.

ANAMBEWE: Munakanena?

A GAMA: Apolisi amafunsa mafunso ambiri. Inabedwera kuti, nthawi yanji, inu munkatani kumeneko.

ANAMBEWE: Ndipo inabedwera kuti?

A GAMA: Pafupi ndi tchalitchi.

ANAMBEWE: Pafupi ndi tchalitchi pali malo amodzi okha otsegula mpaka pakati pa usiku, ndipo sagulitsa mabuku a nyimbo. Kunyumba munati muli ku kwaya. Tsono tandiuzani, bambo wa ziwerengero, njinga yanuyo ili pa anthu 100,000 ati? Ili m'buku liti?

A GAMA: Siili m'buku lililonse.

ANAMBEWE: Ndiye mabuku anuwo ndi abodza.

A GAMA: Ndi operewera. Bodza ndi kuperewera n'zosiyana.

ANAMBEWE: Kauzeni amayi a kunyumba zimenezo.

WOFOTOKOZA: Apa Anambewe agwira pofooka penipeni. Buku la kupolisi limasunga milandu imene yakanenedwa ndi kulembedwa, osati yonse imene yachitika. Wina sakanena chifukwa polisi ili kutali, wina chifukwa wakubayo ndi mphwake, wina chifukwa sakuona kuti katunduyo angabwerere. Nkhanza za m'banja ndi kugwiririra ndizo zimabisika kwambiri. Ngakhale ku United States, milandu ya chiwawa imene imafika kupolisi siikwana theka, ndipo ya katundu ndi pafupifupi umodzi mwa itatu iliyonse. Pofuna kutseka mpatawu, mayiko ena amatuma anthu kuyenda khomo ndi khomo kufunsa kuti m'miyezi yapitayi chakuchitikirani n'chiyani, kaya munakanena kaya simunakanene. United States inayamba kafukufuku wotere mu 1973, England ndi Wales mu 1982. Ku United States kafukufukuyu anasonyeza kutsika kwakukulu kuposa kwa FBI, maperesenti 71 pakati pa 1993 ndi 2022. Ku England ndi Wales anasonyeza kuti umbanda unafika pachimake mu 1995 ndipo unatsika kwa zaka zambiri zotsatira. Koma mu 1998 ndi mu 2002 apolisi a kumeneko anasintha malamulo a kalembedwe ka milandu, ndipo ziwerengero zawo za chiwawa zinalumpha. Chinasintha ndi cholembera, ndipo andale anapeza pokanganira, aliyense atanyamula buku limene likumukomera.

ANAMBEWE: Nanga kuno anayamba atifunsapo?

A GAMA: Anafunsa. Mu 2003 a National Statistical Office a ku Zomba, mogwirizana ndi a Institute for Security Studies a ku South Africa, anayenda m'makomo m'dziko lonse lino. Mukuganiza kuti mlandu umene unatsogola unali uti?

ANAMBEWE: Zikwanje.

A GAMA: Kuba mbewu m'munda. Wachiwiri, kuba ziweto.

ANAMBEWE: Chimanga?

A GAMA: Chimanga, chinangwa, nkhuku, mbuzi. Kumbukirani kuti chaka cha 2002 kunali njala. Anthu ambiri m'dziko muno amakhala kumudzi, ndipo wakuba wawo amabwera mwezi wa Febuluwale ndi thumba, dowe atakhwima. Milandu yotere imathera pabwalo la amfumu. Pagulu lanu la WhatsApp munaonapo kanema wa munthu akuthyola dowe?

ANAMBEWE: Ameneyo angaonere ndani?

A GAMA: Basi, mwayankha nokha.

ANAMBEWE: Musandikole ndi mawu. Mchimwene wanga ali ku Joni chaka chachisanu ndi chitatu. Amulozapo mfuti kawiri. Akaimba foni amati kukacha ali moyo amathokoza Mulungu. Ameneyonso mumuuza kuti waonera kanema wambiri?

A GAMA: Ayi. Ameneyo akunena zoona.

ANAMBEWE: Bwerezani, sindinamve bwino.

A GAMA: Ndati akunena zoona. Musachite kuvina.

WOFOTOKOZA: Pa milandu yonse, kupha munthu ndiko kumawerengeka bwino, chifukwa imfa ndi yovuta kubisa ndipo tanthauzo lake silisintha ndi malamulo a kalembedwe. Ku South Africa, cha m'ma 1994, anthu pafupifupi 67 pa 100,000 alionse ankaphedwa pachaka. Pofika 2011 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pafupifupi 30, ndipo ophedwa onse pachaka sanafike 16,000. Kenaka chinatembenuka. M'chaka cha 2022/23 ophedwa anapitirira 27,000, pafupifupi 45 pa 100,000 alionse. Munthu amene wakhala akunena chaka chilichonse kuyambira 1994 kuti zinthu zikuipiraipira analakwitsa kwa zaka zoposa 15, kenaka n'kuyamba kulondola, mawu ake osasintha ngakhale limodzi. Ku United States nakonso kupha anthu kunakwera ndi maperesenti pafupifupi 30 mu 2020, kukwera kwakukulu kwa chaka chimodzi kuposa kwina kulikonse m'mabuku a FBI, kusanatsikenso mu 2023 ndi 2024. M'Malawi, kuyambira kumapeto kwa 2014, anthu achialubino anayamba kusakidwa ndi kuphedwa, ndipo pofika pakati pa 2016 bungwe la Amnesty International linali litawerenga ophedwa osachepera 18. Mantha a mabanja amenewo sanali ochokera pafoni. Vuto la maganizo a anthu silakuti amalakwitsa nthawi zonse. Vuto ndi lakuti yankho lawo limakhala lomwelo, zinthu zikwere kapena zitsike, ndiye silingathandize kudziwa chimene chachitika.

ANAMBEWE: Ndiye mpanda umangidwe. Tsiku limene ziwerengero zanuzo zidzatembenuke, lidzandipeza ndili m'kati.

A GAMA: Utalike bwanji?

ANAMBEWE: Mamita awiri ndi theka, mabotolo pamwamba.

A GAMA: Uthenga wa pafoni umalumpha mamita angati?

ANAMBEWE: Mukutanthauza chiyani?

A GAMA: Mwezi wa Juni. Munthu wa mawu aulemu anakuimbirani kuti mwawina feteleza matumba makumi awiri, mungotumiza ya thiransipoti.

ANAMBEWE: Anakuuzani ndani?

A GAMA: Munalira mokweza, Anambewe. Mpanda wa udzu subisa maliro. Munatumiza kangati?

ANAMBEWE: Kawiri. Ulendo wachiwiri anati galimoto yaphulika tayala pa Zalewa.

A GAMA: Munakanena kupolisi?

ANAMBEWE: Kuti akandiseke?

A GAMA: Ndiye tili awiri. Chaka chonsechi wakuba amene wakulowerani m'thumba ndi mmodzi yekhayo, ndipo sanapondepo pakhomo panu. Ku England atayamba kufunsa za chinyengo chotere m'kafukufuku wawo mu 2015, anapeza kuti ndiwo mlandu umene ukugwera anthu ambiri kuposa wina uliwonse. Mbava zinasamuka, inu mukumangira mpanda kumene zinachokako.

ANAMBEWE: Kuchenjera sikulakwa. Kuli bwino kuopa kusiyana ndi kulira.

A GAMA: Mantha nawonso amaliritsa. Mwaiwala 2017?

ANAMBEWE: Zimenezo musazitchule.

A GAMA: Munagona panja sabata yathunthu ndi mapoto m'manja. Mnyamata wa zaumoyo uja anabwera ndi chikwama kumsana kudzaona zimbudzi, inu n'kukuwa. Akanapanda kutulukira amfumu, bwenzi lero tikukamba zina.

ANAMBEWE: (motsitsa mawu) Aliyense ankanena. Ndinkaganiza za ana.

A GAMA: Ndikudziwa. Inenso ndinakhoma mawindo ndi misomali.

WOFOTOKOZA: Mu Seputembala 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje, n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu ndi Nsanje, mpaka kulowa mu Blantyre mwezi wotsatira. Magulu a anthu anatseka misewu n'kumasecha galimoto. United Nations inachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe, ndipo ogwira ntchito zachipatala ena anasiya kuyendera midzi. Apolisi anamanga anthu oposa 100. Palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene achipatala anatsimikiza kuti anapopedwa magazi. Ophedwa ndi magulu a anthu powaganizira kuti ndi anamapopa anali osachepera 8. Mphekesera yomweyi inali itayendapo mu 2002, ndipo yofanana nayo inamvekanso nthawi ya kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe kuja. Umbanda umene unkaopedwa sunachitike, koma mantha ake anabala milandu yeniyeni yakupha, ndipo imeneyo ndiyo inalowa m'mabuku.

(Kwakhala chete pang'ono. Tambala akulira chapatali.)

ANAMBEWE: Tsono mukufuna ndichite chiyani? Ndikhale manja lende?

A GAMA: Tichite zimene anachita a ku Zomba aja, koma pamzere wathu wokha. Kabuku aka kali ndi masamba otsala. Mwezi ukatha tiziyenda nyumba zonse khumi ndi ziwiri, tizifunsa chimene chasowa. Osati chimene amva, chimene chawasowera iwowo. Chaka chikatha tidzaone. Zikadzakhala zambiri, theka la mmisiri ndidzalipira, lakumtunda ndi lakumunsi lomwe.

ANAMBEWE: Simenti idzakhala itauma.

A GAMA: Kagulitseni kwa abusa, akumanga khola la mbuzi ija.

ANAMBEWE: Bweretsani cholembera. Ndiyamba ndine. Nambala wani, njinga ya a Gama.

A GAMA: Imeneyo ndi ya chaka chatha, ndiponso sinabedwere pamzere uno.

ANAMBEWE: Mwayamba kale kusintha malamulo a kalembedwe.

A GAMA: Lembani feteleza wanu.

ANAMBEWE: Feteleza sanabedwe, kunalibe feteleza.

A GAMA: Ndalama zinalipo.

ANAMBEWE: Ndinapereka ndekha. Imeneyo ndi mphatso yolakwika.

WOFOTOKOZA: Kafukufuku aliyense wa mtundu uwu amayamba ndi mafunso atatu amene ayenera kugwirizanidwa munthu asanagogode pakhomo loyamba: chimene chiwerengedwe ngati mlandu, nthawi imene ikufunsidwa, ndi malo amene mlanduwo ulembedwe. Mayankho ake akasintha pakati pa chaka china ndi chinzake, ziwerengero za zaka ziwirizo sizingayerekezedwe.

ANAMBEWE: Chabwino. Nambala wani, mango. Mtengo wanga uwu, Disembala yense, nthambi ya mbali iyo imakhala yopanda kanthu.

A GAMA: Nthambiyo ili mumlengalenga mwa pulotu yanga.

ANAMBEWE: Mizu ili kwanga.

A GAMA: Mango akagwera kwanga ndi mphepo, wakuba ndi mphepo.

ANAMBEWE: Mphepo ya nsungwi yaitali, yokhala ndi kawaya kunsonga, imene mumaibisa kuseri kwa bafa?

A GAMA: Imeneyo ndi yochotsera akangaude. Ngati mukulemba mango, lembaninso nkhuku zanu. Mpiru wanga mabedi awiri, zinamaliza Lachinayi.

ANAMBEWE: Nkhuku si munthu.

A GAMA: Mwini wake ndi munthu, ndipo anaziona zikulowa.

ANAMBEWE: Ndilemba mango makumi anayi, milandu makumi anayi.

A GAMA: Mlandu umodzi! Nthambi ndi imodzi!

ANAMBEWE: Mwavomera! Amayi a kunyumba, tabwerani mudzamve, aphunzitsi avomera! Ndipo pali nkhani ina ya njinga imene mungaikonde.

A GAMA: Anambewe! Lembani makumi anayiwo. Lembani, ndisayina.

(Nyimbo yotsekera.)